Malamba Otamuka pa Masewera a Pagulu: Kulemera Kwake Kuli M'manja mwa Wokoka

Chitsulo cholemera makilogalamu 10 chimalemera makilogalamu 10 nthawi zonse, kaya chili pansi kapena chili m'mwamba, kaya wachinyamula ndi mnyamata wa zaka 20 kapena mayi wa zaka 70. Lamba wa mphira wochitira masewera olimbitsa thupi sali choncho. Akangogwidwa m'manja asanakokedwe salemera kanthu, koma munthu akayamba kumutambasula amayamba kukana, ndipo kukana kwakeko kumakulirakulira pamene akutalika. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, komabe ndi kumene kumachititsa kuti malamba amenewa akhale othandiza kwambiri pamene anthu ambiri a misinkhu ndi mphamvu zosiyana akuchitira masewera pamodzi. Ndi kumenenso kumachititsa kuti magulu ena azikoka malamba kwa miyezi yambiri, thukuta lili kamukamu, koma osaona kusintha kwenikweni m'minofu yawo.

M'chaka cha 1678 wasayansi wa ku England, Robert Hooke, anafalitsa lamulo lonena kuti chinthu chotamuka, monga sipuling'i, chimakana mogwirizana ndi mmene chakokedwera, kutanthauza kuti chikakokedwa mtunda wowirikiza kawiri, nachonso chimabweza ndi mphamvu yowirikiza kawiri. Mphira siitsatira lamuloli ndendende, chifukwa imalimba msanga poyambirira, kenako kukana kwake kumakwera pang'onopang'ono, ndipo ikayandikira malire ake imauma mwadzidzidzi. Komabe mfundo yaikulu ndi yomweyo: lamba akamatalika amalemera. Mphira yachilengedwe imachokera ku utomoni wa mtengo wotchedwa Hevea brasiliensis, ndipo inayamba kudalirika pa ntchito zotere Charles Goodyear atapeza njira yoitenthetsa pamodzi ndi sulufule, njira imene analembetsa m'chaka cha 1844. Isanapezeke njirayi mphira inkanata kunja kukatentha ndipo inkauma gwa kukazizira.

Chinthu chimene ophunzitsa ambiri sachitchula, ngakhale kuti zonse zagona pamenepo, n'chakuti mphamvu ya lamba imadalira kuti watalika bwanji poyerekeza ndi utali umene anali nawo asanakokedwe. Tiyerekeze kuti munthu wagwira lamba mwakuti pakati pa dzanja lake ndi pamene lambayo wamangidwa pali mita imodzi, ndipo akukoka dzanjalo mtunda wa masentimita 50. Pamenepo lamba watalika ndi theka la utali wake. Munthu yemweyo akafupikitsa kagwiridwe, n'kusiya masentimita 50 okha pakati pa dzanja ndi pomangirapo, kenako n'kukoka mtunda womwe uja, lamba amakhala kuti watalika kawiri, ndipo ntchito yake imakula kwambiri ngakhale kuti dzanja layenda mofanana. Akapinda lambayo pawiri n'kukoka mbali zonse ziwiri pamodzi, kulemera kumawirikiza. Choncho lamba mmodzi yemweyo ali ndi milingo yambiri ya kulemera, ndipo amene amasankha mlingowo ndi wokokayo, nthawi zambiri asakudziwa n'komwe kuti akusankha.

Mitundu ya malamba, monga wachikasu kapena wofiira, inayamba ngati njira yothandiza akatswiri a mafizo kudziwa pamene wodwala wafika. Malamba a TheraBand, amene anayamba kupangidwa mumzinda wa Akron ku Ohio chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndiwo anatchukitsa kachitidwe kosiyanitsa kulimba ndi mtundu. Malinga ndi ziwerengero za opanga ake, lamba wachikasu akatalikitsidwa kawiri amakana ndi mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 1.3, wofiira 1.7, wobiriwira 2.1, wabuluu 2.6, wakuda 3.3, wasiliva 4.6, ndipo wagolide pafupifupi 6.5. Ziwerengerozi zikuonetsa kuti malamba apyapyala amenewa ndi opepuka ndithu, oyenera mapewa ndi minofu ing'onoing'ono, ndipo munthu wathanzi amene akufuna kulimbitsa miyendo ayenera kuwapinda kapena kupeza olimbirapo. Ndiyeneranso kunena kuti palibe lamulo lokakamiza makampani onse kutsatira mitundu yofanana, moti wobiriwira wa kampani ina akhoza kulimba kuposa wakuda wa kampani inzake. Gulu limene lasakaniza malamba ochokera kosiyanasiyana lisadalire mtundu, koma liziyesa lamba aliyense ndi manja. Kupatula apyapyala aja, alipo a machubu okhala ndi zogwirira, timalamba tating'ono tozungulira tovala m'miyendo, ena ansalu amene sapindikira pantchafu, ndiponso aakulu ozungulira otalika pafupifupi masentimita 104, amene ena mwa iwo amakana ndi mphamvu ya makilogalamu makumi angapo.

Tsopano taganizirani anthu awiri amene aima moyandikana m'chipinda chimodzi, onse apatsidwa lamba wabuluu, ndipo auzidwa kuti amuponde pakati ndi mapazi n'kukankhira manja m'mwamba. Woyamba ndi bambo wamtali wa manja ataliatali, amene waponda ndi mapazi onse awiri motangadza, ndipo wakulunga nsonga za lamba kamodzi m'zikhatho. Manja ake akamafika pamwamba pa mutu lamba amakhala atakungika kwambiri, nkhope yake yachita tsinya, ndipo pofika ulendo wa 10 zigongono zayamba kunjenjemera. Wachiwiri ndi mtsikana wamfupi amene waponda ndi phazi limodzi ndipo wagwira kumapeto kwenikweni kwa lamba. Manja ake akakhala pamapewa lamba ali lendelende, amayamba kukungika manja atadutsa kale pamphumi, ndipo mtsikanayo akhoza kupitiriza maulendo 40 akucheza ndi mnzake. Mphunzitsi akawayang'ana ali kutsogolo amaona anthu awiri akuchita chinthu chimodzi ndi lamba wofanana, pamene zoona zake n'zakuti mmodzi akulimbitsa minofu ndipo winayo akungoyendetsa manja.

Palinso nkhani ya mmene mphamvu za thupi zimasinthira m'kati mwa kayendedwe kamodzi. Munthu akanyonyomala mpaka pansi, pamene amavutika kwambiri ndi pamunsipo, koma akamayandikira kuimirira, mawondo ndi chiuno zitatsala pang'ono kuwongoka, amakhala ndi mphamvu zochuluka. N'chimodzimodzinso pokankha chinthu kuchokera pachifuwa kapena pochita mapushapu. Pa mayendedwe otere lamba amagwirizana bwino ndi thupi, chifukwa amapepuka pamene munthu ali wofooka ndipo amalemera pamene ali wamphamvu. Koma pokokera chinthu kuthupi zinthu zimatembenuka. Manja akatambasuka munthu amakoka ndi mphamvu zambiri, ndipo zigongono zikafika kumbuyo kwa nthiti mphamvuzo zimachepa, pomwe lamba ndi pamene wafika polemeretsa. Ichi n'chifukwa chake anthu ambiri amadukiza kukokako asanamalize, kapena amakweza mapewa kumakutu ndi kupendekera chagada kuti athandizire. Pa masewera okoka ndi bwino kusankha lamba wocheperapo mphamvu, kuima patali pang'ono kuti akhale wokungika kuyambira pachiyambi, ndi kuima kaye kwa sekondi imodzi zigongono zikafika kumbuyo.

Chitsulo chimakokera pansi pokha, chifukwa chimene chimachilemeretsa ndi mphamvu yokoka ya dziko. Lamba amakokera kumene wamangidwa, kaya ndi kumbali, kutsogolo, m'mwamba kapena mopingasa. N'chifukwa chake amathandiza pa mayendedwe ovuta kuwalemeretsa ndi zitsulo, monga kutembenuzira mkono kunja pofuna kulimbitsa timinofu togwira phewa, kuyenda cham'mbali lamba ali pamwamba pa mawondo kuti minofu ya m'mbali mwa matako igwire ntchito, kapena kuima nji n'kukana kupotoledwa ndi lamba amene akukokera kumbali. Ngakhale akatswiri opita m'mlengalenga amene amakhala pa International Space Station, kumene zinthu zimangoyandama, amamangiriridwa ndi zingwe zotamuka pamakina othamangirapo kuti mapazi awo aziponda mwamphamvu.

Funso limene anthu amafunsa kawirikawiri ndi lakuti kodi mphira ingalimbitsedi munthu ngati mmene zimachitira zitsulo. M'chaka cha 2019 magazini ya zachipatala ya SAGE Open Medicine inafalitsa kafukufuku amene anasonkhanitsa zotsatira za maphunziro angapo oyerekeza malamba otamuka ndi zitsulo komanso makina a mujimu, ndipo anapeza kuti mphamvu zinawonjezeka mofanana m'manja ndi m'miyendo momwe. Zimenezi sizodabwitsa, chifukwa mnofu sudziwa chimene chikuukana. Umangomva kuti wakungika, ndipo kukungikako kukakhala kokwanira ndi kobwerezabwereza, thupi limayankha. M'masabata oyambirira kusintha kwakukulu kumachitika m'mitsempha yotumiza uthenga, pamene ubongo ukuphunzira kudzutsa tizigawo tambiri ta mnofu nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake munthu amayamba kumva mphamvu thupi lisanasinthe maonekedwe. Kukula kwa mnofu weniweniwo kumabwera pambuyo pake, pakapita masabata angapo.

Mawu ofunika pamenepa ndi akuti kukungika kokwanira. Akatswiri apeza kuti katundu wopepukirapo akhoza kukulitsa minofu pafupifupi mofanana ndi wolemera, pokhapokha munthu akapitiriza mpaka atatsala pang'ono kulephera. Katundu wopepuka amene munthu amamusiya akadali ndi mphamvu zochitira maulendo ena 20 sasintha zambiri. Ndiyeneranso kuvomereza malire a malamba. Munthu amene cholinga chake ndi kunyamula chitsulo cholemera kwambiri kamodzi kokha ayenera kuzolowera zitsulo zolemera, chifukwa luso limenelo limaphunziridwa pochichita. Ndiponso miyendo ya munthu wamphamvu imaposa msanga malamba wamba, moti amafunika kusamukira ku masewera a mwendo umodzi kapena ku malamba aakulu aja. Koma anthu ambiri amene amabwera ku masewera a pagulu akufuna kukwera masitepe osavutika, kunyamula katundu osapweteka msana ndi kusunga minofu pamene akukula, ndipo pa zolinga zimenezi malamba ndi okwanira. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa m'chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa magulu onse akuluakulu a minofu masiku osachepera 2 pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 za masewera ena ofulumizitsa mtima pang'ono. Malangizowo satchula kuti payenera kukhala zitsulo.

Ubwino wa malamba pagulu ndi woonekeratu ndipo sufunika mawu ambiri. Malamba a anthu 20 amakwana m'chikwama chimodzi, palibe amene amaima pamzere kudikira makina, ndipo munthu wochira ku kuvulala akhoza kuchita kayendedwe kofanana ndi ka mnzake wamphamvu, aliyense pa mlingo wake, popanda wina kuchita manyazi. Anthu amene amaopa zitsulo sachita mantha ndi lamba, ndipo kubwera pamodzi pa tsiku lodziwika kumathandiza ambiri kuti asasiyire panjira.

Vuto lili pa ufulu womwewo. Pa chitsulo pamalembedwa nambala, ndipo aliyense amaona ngati munthu wakhala akunyamula chomwechomwecho kwa chaka chathunthu. Pa lamba palibe chimene chimaulula. Munthu akatopa amangosendera pafupi ndi pomangira, kapena amatsetsereza dzanja masentimita ochepa kunka kunsonga, ndipo kulemera kumatsika iye mwini osazindikira kuti wachita kanthu. Pagulu chizolowezi chimenechi chimakula, chifukwa palibe amene amafuna kukhala woyamba kuima anzake akupitiriza, moti aliyense amasankha kulemera kumene akudziwa kuti amaliza nako bwinobwino. Kwa ine, ntchito yaikulu ya mphunzitsi wa gulu lotere ndi kuphunzitsa anthu kumva ndi kuyeza kulemera kumene adzipatsa. Kuonetsa kayendedwe ndi kuwerenga mokweza ndi mbali yaing'ono chabe ya ntchitoyo.

Njira yosavuta yochitira zimenezi ndi kugwiritsa ntchito muyezo wa kutopa, maganizo amene anayambitsidwa ndi katswiri wa ku Sweden, Gunnar Borg, ndipo masiku ano ambiri amawagwiritsa ntchito ndi manambala oyambira 0 kulekeza 10. Chigawo, kutanthauza maulendo angapo ochitidwa motsatizana osapuma, chikatha mphunzitsi amafunsa kuti, “Mukanatha kuwonjezera maulendo angati musanalephere?” Amene wayankha kuti awiri kapena atatu ali pamalo oyenera, pafupifupi pa 7 kapena 8. Amene wayankha kuti khumi ayenera kufupikitsa lamba, kutangadza mapazi kapena kutenga lamba wina chigawo chotsatira chisanayambe. Oyamba kumene akhoza kukhala pa 5 kapena 6 kwa masabata awiri kapena atatu pamene akuphunzira kayendedwe, koma asakhazikike pamenepo. Anthu ambiri amaganiza kuti atopa akadali ndi mphamvu zambiri, choncho zimathandiza kuti nthawi zina, pa masewera osaopsa monga kupinda chigongono, gulu lonse lipitirize mpaka aliyense atalepheradi, kuti adziwe mmene malire enieni amamvekera.

Kabwezedwe ka lamba nako n'kofunika kwambiri. Mnofu umagwira ntchito kawiri, pofupika pamene ukukoka ndiponso potalika pamene ukuletsa katundu kubwerera mwaliwiro, ndipo gawo lachiwirili limathandiza kwambiri pomanga mphamvu. Lamba amafuna kubwerera msanga, ndipo munthu akangomulekerera amataya gawo la phindu lake, komanso mfundo za mafupa zimagwedezeka pamapeto pa ulendo uliwonse. Mphunzitsi wabwino amamveka akunena kuti, “Bwezani pang'onopang'ono, musalole kuti lamba akukokeni,” ndipo amawerenga masekondi awiri kapena atatu pobwerera. Apa ndi pamene nyimbo zothamanga zimasokoneza, pakuti anthu amatsatira kugunda kwa nyimbo n'kuyamba kutukumula manja mofulumira ndi lamba wopepuka, zimene zimafulumizitsa mtima koma osalemetsa minofu mokwanira. Ngati pali nyimbo, ndi bwino kuti kayendedwe kamodzi kazitenga kugunda kanayi kapena kasanu ndi katatu. Lamba asakhwepenso pamapeto pa ulendo, ndipo dzanja lizibwerera mpaka pamene lambayo akadali wokungika pang'ono.

Phunziro la mphindi 45 likhoza kuyamba ndi mphindi 5 mpaka 10 zotenthetsa thupi, anthu akuguba, kuzunguza mapewa ndi kuchita mayendedwe a tsikulo ndi lamba wopepuka. Pakati pake pasakhale masewera ochuluka. Ndi okwanira asanu kapena asanu ndi amodzi amene akhudza thupi lonse, monga kunyonyomala lamba atapondedwa n'kukolekedwa pamapewa, kuwerama m'chiuno msana uli wowongoka n'kudzuka, kukankhira kutsogolo lamba atadutsa kumsana, kukokera kunthiti, kukankhira m'mwamba, ndi amodzi olimbitsa pamimba ndi m'mbali. Aliwonse achitidwe maulendo 8 mpaka 15, zigawo 2 kapena 3, ndipo zimathandiza kusinthanitsa a miyendo ndi a manja kuti mbali imodzi izipuma ina ikugwira ntchito. Ophunzitsa ena amasintha masewera sabata iliyonse poopa kuti anthu atopa nazo, koma kuchita zimenezi kumalepheretsa munthu kudziwa ngati akupita patsogolo, chifukwa alibe choyerekezera. Masewera akuluakulu akhale omwewo kwa masabata 6 kapena 8, ndipo zosinthasintha zibwere kumapeto kwa phunziro.

Pagulu la anthu osiyana mphamvu, kuwerengera nthawi kumaposa kuwerengera maulendo. Mphunzitsi akanena kuti aliyense achite kwa masekondi 40 n'kupuma 20, wofooka amachita maulendo 9, wamphamvu 14, ndipo onse amamalizira pamodzi popanda wotsalira. Chofunika n'kuwauza kuti masekondi 10 omaliza ayenera kukhala ovuta, ndipo ngati sanavute ndiye kuti lamba anali wopepuka.

Kumene kulibe zomangirapo zokwanira, anthu amagwirizirana awiriawiri, wina kugwira lamba mnzake akukoka. Njirayi imasangalatsa ndipo imagwirizanitsa gulu, koma imafuna malamulo omveka. Awiriwo akhale a msinkhu ndi mphamvu zofananako, wogwirayo aime motangadza mawondo atapindika pang'ono, ndipo pasapezeke wosiya lamba mnzake asanadziwe. Pomaliza onse asenderane mpaka lamba atakhwepa, kenako n'kumutula. Lamba wokungika akapulumuka m'dzanja amabwerera ngati legeni, ndipo amalunjika pamene pali munthu winayo.

Ngozi imeneyi si yongoyerekeza, pakuti madokotala a maso amadziwa bwino zovulala zochokera ku malamba oduka kapena opulumuka. Pa 1 Januwale 2015, Harry Reid, amene panthawiyo anali seneta, kapena kuti phungu wa nyumba ya malamulo, wotchuka ku United States, anavulala kwambiri kunyumba kwake ku Nevada akuchita masewera ndi lamba wotamuka. Anathyoka nthiti ndi mafupa a kumaso, ndipo diso lake lakumanja linasiya kuona. Choncho lamba asakokedwe molunjika kumaso, ndipo asatalikitsidwe mopitirira katatu utali wake. Pomangira pakhale polimba ndi posalala, popeza kona yakuthwa ya chitsulo imadya mphira pang'onopang'ono. Womangirira pachitseko aonetsetse kuti chitsekocho chatsekedwa ndi loko ndiponso kuti akukokera kumbali imene chimatsekekera. Woponda lamba amuike pakati pa phazi, pamene pali kokumbika, chifukwa akakhala kuzala amaterereka mosavuta. M'chipinda, anthu atalikirane mokwanira kuti wina akatambasula manja ndi lamba wake asafike pamene pali mnzake, ndipo mphete ndi zikhadabo zazitali zisamalidwe chifukwa zimaboola mphira.

Mphunzitsi ayeneranso kufunsa anthu atsopano ngati thupi lawo limadana ndi latex, utomoni wa mphira yachilengedwe uja, umene kwa ena umayambitsa kuyabwa, zidzolo, ngakhale kubanika kumene. Alipo malamba opangidwa popanda latex, ndipo gulu lililonse liyenera kukhala nawo angapo osungidwa padera. Kupuma nako kusaiwalike. Munthu akagwira mpweya pamene akukakamira, magazi amathamanga kwambiri kwa kanthawi, zimene si zabwino kwa amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la mtima, moti ndi bwino kutulutsa mpweya pokoka ndi kuulowetsa pobweza. Anthu a matenda amenewa, amayi oyembekezera ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa ayambe aonana ndi dokotala kapena katswiri wa mafizo. Kuphwanya m'thupi kumene kumabwera patapita tsiku limodzi mpaka atatu n'kwachibadwa, makamaka poyamba, ndipo kumatha kokha, koma ululu wobaya m'mfundo panthawi ya masewera ndi chizindikiro chakuti munthu aime. Minofu imene yagwira ntchito yolemetsa ipatsidwe pafupifupi maola 48 isanalemetsedwenso.

Anthu achikulire ndi amene amapindula kwambiri ndi magulu amenewa, ndipo ndi amenenso amachitiridwa chifundo cholakwika kawirikawiri. Minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 30, ndipo kuchepako kumafulumira akadutsa zaka 60, mpaka kudzuka pampando kapena kudzigwira akapunthwa kumakhala kovuta. Malangizo a WHO aja amati anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera ophatikiza mphamvu ndi kukhazikika poima masiku osachepera 3 pa sabata pofuna kupewa kugwa. Komabe m'magulu ambiri agogo amapatsidwa lamba wopepukitsitsa n'kusiyidwa naye chaka chonse, ngati kuti minofu yawo siingathenso kuphunzira, pomwe kafukufuku anaonetsa kalekale kuti ngakhale anthu a zaka 90 amawonjezera mphamvu akalemetsedwa moyenera. Akhoza kuyamba atakhala pampando wolimba, kuwongola bondo lamba ali pakakolo, kukokera kunthiti lamba atakoledwa kumapazi, kenako kudzuka ndi kukhala lamba atapondedwa. Amene zala zawo zimapweteka apatsidwe malamba a zogwirira, kapena amangiridwe mfundo kuti dzanja lingolowa. Koma nawonso azifunsidwa funso lija la maulendo otsala, ndipo akayankha kuti ndi ambiri awonjezeredwe.

Kumbali inayo kuli anthu amphamvu kwambiri, amene ena mwa iwo amaderera malamba. Iwowa angakonde kudziwa kuti Louie Simmons, yemwe anali mphunzitsi wa onyamula zitsulo ku jimu ya Westside Barbell mumzinda wa Columbus ku Ohio, ndi amene anatchukitsa kumangirira malamba aakulu ku chitsulo chonyamula, kuti katundu azilemera kwambiri pamene wonyamulayo akuimirira ndipo asachepetse liwiro pamapeto. Lamba yemweyo amathanso kuthandiza m'malo moletsa. Akakolekedwa pachitsulo cham'mwamba munthu n'kupondapo kapena kuikapo bondo, amamunyamulako podzikoka, makamaka akakhala pamunsi, ndipo munthu amene sanathe kudzikweza ngakhale kamodzi amayamba kuphunzira, n'kumasinthira ku lamba wocheperako mpaka atasiyiratu.

Kuti kupita patsogolo kuoneke payenera kukhala cholemba. Sichifunika kukhala chapamwamba: kakhadi kamene munthu amalembapo mtundu wa lamba, pamene anagwira ndi maulendo amene anachita n'kokwanira. Magulu ena amajambula timizere pa lamba motalikirana masentimita 10, kapena amamata tepi pansi yoonetsa poima, kuti mawu akuti mzere wachitatu akhale ndi tanthauzo lofanana sabata ino ndi ya mawa. Munthu akakwanitsa maulendo 15 m'zigawo zonse kawiri motsatizana, kayendedwe kake kali koyenera, asunthire dzanja ku mzere wotsatira ndipo abwerere ku maulendo 8 kapena 10. Mizere ikatha atenge lamba wotsatira, agwire kutali, n'kuyambiranso. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolowo umaoneka kwa amene akusunga kakhadi kake.

Cholembacho chimathandizanso pa chinthu china chimene chimanamiza anthu ambiri, ndicho kukalamba kwa lamba. Mphira ikakokedwa maulendo ambirimbiri imafooka, ndipo dzuwa, kutentha, mafuta odzola, thukuta ndi madzi a klorini zimafulumizitsa kuwonongekako. Lamba amene wagwira ntchito miyezi yambiri amatalika pang'ono ndipo sakananso ngati kale, moti munthu akhoza kumva kuti masewera apepuka n'kuganiza kuti iye walimba, pamene ndi lambayo amene watopa. Malamba azipukutidwa ndi nsalu yonyowa, aziumira pamthunzi, ndipo azisungidwa pamalo ozizira osamangidwa mfundo. Phunziro lisanayambe aliyense atambasule lamba wake pang'ono moyang'anitsa kowala, gawo ndi gawo, makamaka pafupi ndi zogwirira ndi pamene amapondedwa. Akaona timing'alu m'mphepete, kabowo, kapena malo amene ayera kapena akunata, lambayo adulidwe pakati ndi sizasi asanatayidwe, kuti wina asamutolenso n'kumubwezera m'chikwama. Tsiku limene malamba atsopano afika, mphunzitsi awauze anthu kuti mtundu womwe uja umveka wolemerapo, ndipo aliyense abwerere mzere umodzi m'mbuyo n'kulemba pakakhadi kake tsiku limene lamba wasinthidwa.